Mzere wa Kuseri kwa Kabati

Dubai Investments Park
21 Epulo 2024

Okondedwa Ababa,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi achimwene a Khalid, alamu a Hanifa ndi mwana wanga Ummy. Ine ndili moyo, alhamdulillah. Ndalemba papepala monga mumafunira, poti pafoni simukumvanso bwino. Achimwene akuonetsani chithunzi chake.

Za mvula mwauzidwa kale. Inayamba Lolemba n'kugwa Lachiwiri lonse, pa 16. Zaka ziwiri ndakhala kuno sindinaonepo zotere. Misewu inasanduka mitsinje, magalimoto akuyandama ngati mabeseni.

Sitima ya kuno, imene amati Metro, pa siteshoni yathu imadutsa m'mwamba pa mizati ya konkire, ndiye njanji yeniyeniyo madzi sanaifike. Koma pansi pali chipinda cha magetsi, dzenje la lifiti ndi mainjini a makwerero oyenda okha aja. Zimenezo ndiye zinamira. Siteshoni yatsekedwa, ife okolopa tikungochotsa matope.

Pali chinthu ndikufuna ndikuuzeni inuyo, chifukwa kuno ndikachinena sandimvera. Aliyense akuti madzi analowera pakhomo la kumsewu. Ine ndinali m'kachipinda kathu kosungiramo mopu ndi sopo cha m'ma 2 koloko masana, pakhomopo pakadali pouma. Ndinamva kubwata pansi. Poyang'ana, madzi akutumphuka pa kabowo kamene timathirapo madzi okolopera. Ankachokera pansi. Pakhomo anadzalowa patapita pafupifupi ola.

M'thumba ndinali ndi cholembera chakuda chimene timalembera pa mabotolo a mankhwala. Ndinayamba kulemba pakhoma pamene madzi afika, ndi nthawi yake, theka la ola lililonse, mpaka alonda anatitulutsa 5 koloko madzi ali m'maondo. Chimene ndinachitira zimenezo sindikuchidziwa. Mantha ankachepa ndikamalemba.

Mumuuze Ummy kuti tchuthi changa cha Ogasiti chikadalipo. Kodi chifuwa chija chinasiya?

Mwana wanu,
Zakiya

Nkaya, Balaka
28 Epulo 2024

Mwana wanga Zakiya,

Waalaikumu salamu. Kalata yako ndawerenga katatu, Khalid akundikulitsira zilembo ndi zala. Tonse tili bwino. Chifuwa cha Ummy chinasiya, dzino lake lakutsogolo lagwa Lachinayi.

Tsono undiyankhe. Madzi otumphukawo anali ndi mchenga kapena anali oyera? Ankanunkha? Nanga paipi ya kabowoko imakathira kuti, unayamba wafunsapo?

Ndayendera njanji wapansi zaka makumi atatu ndi chimodzi, kuchokera pa Nkaya pano kulowera ku Liwonde, nyundo paphewa, mbendera yofiira m'thumba. Madzi akatuluka pamalo pamene amayenera kulowa, ndiye kuti kutsogolo kwadzaza, akubwerera. Ongoyamba kumene ntchito amathamangira kumene madzi amalowera m'kalavati. Ife tinkayamba kuona kotulukira.

Anthu akowo akakweza khomo la kumsewu lokha, mvula ina idzawapezanso kudzera pansi.

Chimodzi ndikuuza: zimene unalembazo usafufute, ndiponso mzere wa matope pakhomapo usatsuke wonse. Anthu amaiwala, ena amawonjezera. Pakatha mwezi wina adzati madzi anafika m'chiuno, wina adzati mu akakolo. Mzere sunama. Adzabwera oyeza, adzaufuna.

Uzipemphera pa nthawi yake ngakhale ntchito yachuluka.

Bambo ako,
Sumaili

Dubai Investments Park
8 Meyi 2024

Ababa,

Asalamu alaikumu. Ndikulemba mofulumira, basi ya kampani yatsala pang'ono kunyamuka.

Madziwo anali ndi mchenga, ndipo sankanunkha za kuchimbudzi. Kumene paipi imathira palibe wokolopa amene akudziwa.

Ndalakwa kuntchito. Supavaiza wathu, Madamu Lily, analamula kuti makoma onse awale chifukwa kukubwera akuluakulu. Ndinawapempha kuti tisiye mzere umodzi. Anati, “Yalla, khalas,” Chiarabu cha fulumira, nkhani yatha, “iwe unabwera kudzakolopa kapena kudzajambula?” Ndinatsuka konse, koma m'kachipinda kathu ndinakankhira kabati ya sopo pakhoma paja n'kubisa zolemba zanga ndi mzere wa matope. Dzulo anasuntha kabatiyo kufuna ndowa, n'kuzipeza. Andipatsa kalata yochenjeza, akuti ndaononga khoma la eni ake komanso sindimva. Makalata otere akakwana awiri amakukweza ndege.

Asanafufute, kunabwera amuna atatu ovala zipewa zolimba, n'kutseka kachipindako ndi tepi. Afunsa dzina la amene analemba. Ndauzidwa kuti mawa ndisavale yunifolomu, adzanditenga akandifunse mafunso.

Foni ikuvuta chilowereni madzi, imazima yokha. Mundipempherere.

Zakiya

Nkaya, Balaka
24 Meyi 2024

Zakiya mlongo wanga,

Asalamu alaikumu. Ndine Khalid. Lero ndi tsiku la 16 chikhalire chete. Ndaimba mpaka kutopa, foni yako siikulowa. Kalatayi ndatumiza kwa Doris, mtsikana wa ku Utale uja amagwira m'nyumba ku Al Furjan, ku Dubai komweko, kuti mwina akupeza.

Doris yemweyo ndi amene wauza amayi ake kuti mnzako wina anakuona ukukwera galimoto yoyera ndi amuna atatu, wopanda yunifolomu, ndipo pa siteshoni sunaonekenso. Nkhaniyo yafika kale kumsika. Anthu akuti uli m'manja mwa apolisi. Ngati ndi choncho tiuze zoona, tione kumene tingagogode. Ndinapita ku Lilongwe kwa ejenti uja anakutumiza, ofesi inasamuka, pano pakugulitsidwa matayala.

Ndakangana ndi Ababa, sindikubisira. Ndawauza kuti njanji yawo inatha kale, asamakulangize zimene zingakuphetse m'dziko la eni. Munthu uli ndi mwana, ungamalimbane ndi supavaiza chifukwa cha matope? Akudya pang'ono, amangokhala pakhonde. Ummy sitinamuuze kanthu, koma dzulo wafunsa Hanifa chifukwa chake agogo sakumusekanso za dzino.

Alemba kalata ina imene akuti ipite kwa mabwana ako. Ndawauza kuti kumeneko Chichewa palibe angawerenge, koma akakamira. Ndi iyi ndaphatikizayi.

Yankha, ngakhale liwu limodzi.

Khalid

Nkaya, Balaka, Malawi
24 Meyi 2024

Kwa Akuluakulu oyang'anira njanji,

Ndikupereka moni mwaulemu. Dzina langa ndine Sumaili Uthman, woyendera njanji wopuma, bambo wake wa Zakiya Sumaili amene amakolopa pa siteshoni yanu.

Ndamva kuti mwana wanga mwamugwira chifukwa cha zolemba pakhoma. Mlanduwo ndi wanga. Ndine ndinamuuza kuti asafufute, ndipo iye anamvera bambo ake monga anaphunzitsidwa. Chibadwire sanabepo kapena kuononga cha munthu. Ngati pakufunika chilango, lembani dzina langa.

Koma musanafufute, tumizani munthu ndi tepi yoyezera. Ayeze kuchokera pansi kufika pa mzere uliwonse, alembe ndi nthawi yake. Mudzadziwa liwiro limene madzi ankakwerera, ndipo mudzadziwa kuti anthu anu ali ndi mphindi zingati zozimitsira magetsi tsiku lina. Kenaka atsate paipi ya m'kachipindako mpaka kumene imathira. Ndikukhulupirira apeza kuti ngalande yaikulu ikadzaza, madzi amabwerera. Pamafunika chitseko cha m'paipi chotsegukira mbali imodzi.

Sindinaphunzire kwambiri, ndinalekezera Sitandade 6. Njanji yanu sindinaionepo. Koma pa chigawo changa, zaka zonse ndinagwira, sitima sinagwepo chifukwa cha madzi.

Mundibwezere mwana wanga. Ali ndi kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri.

Ine wanu,
Sumaili Uthman

Dubai Investments Park
2 Juni 2024

Ababa ndi achimwene,

Asalamu alaikumu. Pepani, pepani kwambiri. Sindinamangidwe. Foni inafa tsiku lomwe lija, ndipo manambala onse anali momwemo. Ya achimwene ndinkaiganiza kuti ndikuidziwa pamtima, koma ndinkasokoneza manambala awiri omaliza, ankayankha ndi mayi wina wa ku Mzuzu. Ndinaganiza zodikira malipiro ndigule ina, osadziwa kuti kumudzi kwavuta chonchi. Doris anandipeza Lachisanu ku nyumba za kampani, anandikalipira pamaso pa anthu, ndipo ndinayenera.

Galimoto yoyera ija ndi ya mainjiniya. Ndi a kampani ina imene yapatsidwa ntchito yoyendera masiteshoni kuona pamene madzi angadzaonongenso. Wamkulu wa gulu lathu ndi a Conrad, a ku Chipata ku Zambia. Tsiku loyamba ndinkayankha m'Chingerezi chodukaduka. Iwo anayang'ana khadi langa n'kunena kuti, “Iwe ndiwe wa ku Malawi? Kamba Chinyanja chabe, nizamvela.”

Anandifunsa kuti ndinayamba kulemba nthawi yanji, wotchi yake iti, madzi ankaoneka bwanji. Kenaka anati makamera a pansi anazima magetsi atathima, ndiye pa siteshoni yonse palibe china chosonyeza mmene madzi ankakwerera koma khoma langa lija. Anapempha kampani yathu kuti indibwereke milungu isanu ndi umodzi. N'chifukwa chake sindinkaoneka.

Ntchito yake ndi iyi. Pa siteshoni iliyonse timayeza kutalika kwa khomo poyerekeza ndi msewu, ine nditagwira ndodo ya manambala, wina akuyang'ana pa makina a miyendo itatu. Timatsegula zivindikiro za ngalande, timaona mapampu, timalemba chilichonse cha magetsi chimene chili pafupi ndi pansi. Koma chimene a Conrad amandifunira kwenikweni ndi kucheza ndi okolopa ndi alonda. Injiniya akawafunsa amati sanaone kanthu, amaopa. Ine ndikakhala nawo pansi pa nthawi ya tiyi amandiuza zonse, ngakhale pamene pamadontha mvula ikangowaza.

Kalata yanu ya kwa mabwana sindinafune kuionetsa, ndinachita manyazi. Koma a Conrad anandiona ndikulira m'galimoto, ndiye ndinawapatsa foni imene Doris anandibwereka, momwe munali kalatayo. Poyamba anaseka pamene munati alembe dzina lanu. Atafika pakati anasiya kuseka. Anawerenganso, n'kumasulira anzawo awiri aja, Mfilipino ndi Mmwenye. Paipi ija anali ataitsata kale sabata yatha, ndipo anapeza zimene munanenazo. Mfilipinoyo anafunsa kuti, “Bambo akewo ali kampani iti?”

A Conrad ali ndi funso. Akuti malo oopsa apezeka ambiri, onse sangakonzedwe nthawi imodzi. Inu mvula ikagwa chigawo chonse, makalavati ali makumi angapo, miyendo ili iwiri, munkayambira pati?

Kalata yochenjeza ija Madamu Lily akana kuichotsa. Akuti khoma ndi khoma.

Achimwene, musawakalipire Ababa. Kabati ndinakankha ndine.

Zakiya

Nkaya, Balaka
9 Juni 2024

Zakiya,

Waalaikumu salamu. Tathokoza Mulungu. Nambala ya Khalid uilembe papepala, uisunge m'chikwama cha pasipoti. Ya Hanifanso. Zimene watichitazi usadzabwerezenso. Ndakalamba.

A Conrad uwapatse moni, uwauze izi. Sindinkayambira pamene pamasefukira kawirikawiri. Pamenepo aliyense amapadziwa, woyendetsa sitima amachepetsa yekha liwiro, ndipo pali midzi pafupi, ana amathamanga kudzanena. Ndinkayambira pa kalavati ina yaing'ono ya pa kona, m'tchire, imene inkadzaza mwina kamodzi pa zaka khumi. Pamenepo sitima imafika ikuthamanga, woyendetsa saona patali, ndipo palibe nyumba. Ndinkadzifunsa zinthu zitatu: madzi angafike kodi, akafika aononga chiyani, ndipo adzaone ndani nthawi isanathe. Pamene yankho lachitatu linali lakuti palibe, ndinkapita kumeneko poyamba, ngakhale kutali.

Kapitawo wina ankati ndimataya nthawi. Chaka cha 1989 ndinapeza dothi la pansi pa njanji litapita lonse pamalo pomwepo, zitsulo zili lende m'malere. Ndinathamanga makilomita awiri ndi mbendera. Sanandipatse kanthu, koma sanandinenenso.

Ine ndi Khalid tayanjana. Ummy akuwerenga masiku a Ogasiti pa kalendala ya kumzikiti, tsiku lililonse amadula limodzi. Hanifa wamusokera diresi ya Idi, koma Ummy akuti saivala, akusungira tsiku lokakuchingamira kubwalo la ndege.

Bambo ako,
Sumaili

Dubai Investments Park
14 Julayi 2024

Okondedwa Ababa,

Asalamu alaikumu. Ndachedwa kulemba, osati chifukwa cha foni. Ndinkasowa poyambira.

Mafunso anu atatu aja a Conrad anawalemba pa bolodi mu ofesi. Akuti m'mabuku awo alimo kale m'mawu ena, koma lachitatulo anthu amaliiwala. Pa mndandanda wawo malo aliwonse amapatsidwa mtundu, wofiira, wachikasu kapena wobiriwira. Pali kachipinda kena ka mapampu kumapeto kwa njanji, kopanda mlonda, kamene kanali pa chikasu. Tsopano kali pa wofiira, ndipo aikamo kachipangizo kolira madzi akafika. Pa siteshoni yathu chitseko cha m'paipi chija aika kale, ndipo mabokosi a magetsi awakweza kufika m'chifuwa mwanga.

Milungu yanga inatha, ndabwerera ku mopu. Madamu Lily andiika kuzimbudzi.

Tsono Lachinayi a Conrad anandiitana. Kampani yawo ikufuna munthu wothandiza oyeza, wolembedwa ntchito mokhazikika. Adzandiphunzitsa makina aja, ndipo pakatha chaka ndingathe kulemba mayeso opezera pepala la ntchitoyi. Koma ntchito iyamba pa 1 Ogasiti, chifukwa akufuna amalize masiteshoni onse nyengo yozizira isanafike, pamene kuno kumagwa mvula. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba kulibe tchuthi. Ndinapempha masabata awiri okha. Anapita kukandipemphera, anabwera n'kuti, “Nayesa, mlongo wanga. Akana. Pali anthu ena anayi ofuna malo amenewa.”

Ndikavomera, kumudzi ndidzafika Febuluwale kapena Malichi. Ndikakana, ndibwera Ogasiti, kenaka ndidzabwerera kwa Madamu Lily ndi kalata yochenjeza imodzi kale m'faelo.

Ummy ndinamusiya ali ndi zaka zisanu. Pafoni amanditchula “amayi a ku Dubai,” ngati pali ena. Ndinamulonjeza ndi pakamwa panga.

Akufuna yankho pofika pa 22. Ndiuzeni chochita, Ababa, ndidzamvera.

Zakiya

Nkaya, Balaka
17 Julayi 2024

Mwana wanga,

Waalaikumu salamu. Ulendo uno sindikuuza chochita. Ndinakuuzapo kamodzi, tinagona masabata atatu osadziwa ngati uli moyo.

Ndingokuuza zimene sunauzidwepo. Unabadwa mu Januwale, mvula ili pakati. Uthenga unandipeza ku msasa wa njanji kuti mayi ako ali kuchipatala ku Balaka ndipo zavuta. Mlatho wina unali pa ngozi, ogwira tinali ochepa. Ndinatsala. Ndinadzakuona uli ndi masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Mlathowo ulipo mpaka lero. Malemu mayi ako sanandilankhule mwezi wathunthu, ndipo mpaka kumwalira kwawo nkhaniyo ikatuluka ankatuluka panja. Zaka zonsezi ndaganiza, sindinapezebe ngati ndinachita bwino.

Khalid akuti ubwere, ntchito zilipo zambiri. Hanifa akuti utsale, mwana ali m'manja abwino, ndipo mopu ulibe mawa. Onse awiri amakukonda.

Chimodzi chokha ndikupempha. Ukasankha kutsala, usatume ife kuti tikanene. Umulembere wekha, ndipo usamunamize kuti ndege yasowa.

Bambo ako,
Sumaili

Dubai Investments Park
21 Julayi 2024

Ummy mwana wanga,

Asalamu alaikumu. Ndine amayi ako. Amalume akuwerengera kalatayi, koma mawu ndi anga.

Ndinakulonjeza kuti ndibwera mwezi wa Ogasiti. Sindibwera. Palibe amene wandiletsa. Ndapatsidwa ntchito yatsopano yoyeza malo amene madzi angaononge njira ya sitima, ngati imene ankagwira agogo, ndipo ndavomera ndekha. Ndikaiyamba sindingachoke mpaka mvula ya kumudzi ili pafupi kutha. Ndidzabwera mwezi wa Malichi, inshallah, chimanga chili chachiwisi.

Ndaphwanya lonjezo, ndipo ndalakwa kwa iwe. Ukakwiya, kwiyira ine, osati agogo kapena azakhali a Hanifa. Diresi ija uvale, usasunge, idzakuchepera.

Ndimakuganiza m'mawa uliwonse ndikamakwera basi. Undiuze ngati dzino latsopano lamera.

Amayi ako,
Zakiya

Nkaya, Balaka
28 Julayi 2024

Zakiya,

Waalaikumu salamu. Kalata inafika. Khalid anamuwerengera Lolemba atabwera kusukulu, tonse tili pakhonde.

Anamvetsera mpaka kumapeto. Anafunsa kuti Malichi ali kutsogolo kwa Disembala kapena kumbuyo. Atauzidwa, analowa m'nyumba, n'kukagona chafufumimba pamphasa. Tsiku limenelo sanadye. Lachiwiri anadya. Kusukulu akupita.

Ndinamufunsa ngati akufuna kukuyankha, ndimugwirire pepala. Anati ayi. Ndinamufunsanso Lachisanu, anati ayi. Sindinamukakamize, ndipo ndaletsa Khalid kumuikira foni kukhutu.

Dzulo Hanifa anamupeza kuseri kwa nyumba ndi foni ya Khalid, atatsegula chithunzi cha kalata yako, akutsata zilembo ndi chala. Kuwerenga kwake n'kwa pang'onopang'ono, mzere umodzi umamutengera nthawi. Atamuona anazimitsa, n'kuti ankafuna masewera.

Pa 1 upite kuntchito, ufike nthawi isanakwane. Nsapato ugule zotseka, zolimba kuphazi. Ndipo uzimulembera sabata iliyonse, zilembo zikuluzikulu, ngakhale asakuyankhe.

Bambo ako,
Sumaili